Linear search, binary search kapena dictionary: musankhe iti pa pulogalamu yanu?

Amene mwayamba kuphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta, kaya ku UNZA, ku Evelyn Hone College, kapena panokha kunyumba ndi laputopu yobwereka, simuchedwa kufika pa mutu wa kusaka. Funso lake ndi lalifupi: muli ndi zinthu zambiri zosungidwa, mukufuna chimodzi, muchipeza bwanji? M'kalasi njirazi zimabwera motsatana, linear search poyamba, kenako binary search, hash table (imene mu Python imatchedwa dictionary) kumapeto, ndipo ambiri amatuluka akuganiza kuti yomalizayo ndiyo yabwino koposa ndipo yoyambayo ndi ya ana. Ine maganizo amenewo sindigwirizana nawo. Njira iliyonse yothamanga ili ndi mtengo umene mumalipira musanayambe n'komwe kusaka, ndiye musanaisankhe muyenera kuwerengera ngati mtengowo udzabwerera.

Tiyerekeze kuti azakhali anu ali ndi shopu ku Kamwala, ndipo akupemphani kuti muwalembere kapulogalamu kosungira katundu, mitengo, ndi mayina a makasitomala otenga zinthu pa ngongole. Shopu imeneyi itithandiza kuyesa njira zonse.

Linear search ndi kuyang'ana chinthu chimodzichimodzi, kuyambira choyamba mpaka mutapeza chimene mukufuna kapena mndandanda utatha. Ngati zinthu zilipo 1,000, mungachipeze pa ulendo woyamba, mungachipezenso pa ulendo wa 1,000. Mukasaka kambirimbiri muona kuti nthawi zambiri mumayenda pafupifupi theka la mndandanda. Chinthucho chikakhala kuti mulibe, mumayenda mndandanda wonse musananene kuti mulibe. Mabuku amalemba zimenezi kuti O(n), kutanthauza kuti zinthu zikachuluka kawiri, ntchito nayonso imachuluka kawiri.

Ubwino wake anthu amauiwala msanga. Sifuna kuti deta ikhale yosanjidwa. Sifuna memory yowonjezera. Katundu watsopano akabwera, mumangomulemba kumapeto basi. Koposa zonse, imayankha funso lililonse. Azakhali akanena kuti, "Ndionetse katundu yense amene dzina lake lili ndi mawu akuti sopo," kaya mawuwo ali koyambirira, pakati kapena kumapeto kwa dzinalo, binary search ndi hash table zonse ziwiri zimasowa pogwira, koma linear search imagwira ntchitoyo bwinobwino. Ndipo pa mndandanda waufupi, wa zinthu makumi angapo, kawirikawiri imathamanga mofanana ndi zinzakezo, mwinanso kuziposa, chifukwa kompyuta imawerenga mwachangu kwambiri zinthu zogundizana mu memory. Shopu ya katundu wa mitundu 300 safunika kuda nayo nkhawa. Kompyuta imamaliza kuyang'ana zonsezo azakhali asanachotse chala pa batani.

Vuto la linear search limabwera ikabisala. Mu Python, mukalemba `if nambala in mndandanda`, mzerewo ndi waufupi ndipo umaoneka wosalakwa, koma ngati mndandandawo ndi list, Python ikuyenda chimodzichimodzi. Tsopano ikani mzere umenewo mkati mwa loop. Muli ndi malisiti 10,000 a malonda ndi mauthenga 10,000 a mobile money, ndipo mukufuna kudziwa lisiti lililonse ngati linalipiridwa. Pa lisiti lililonse mukuyenda mauthenga pafupifupi 5,000, ndiye zonse pamodzi ndi maulendo pafupifupi 50 miliyoni. Pamenepo ndi pamene pulogalamu imene inkathamanga bwino pa deta yoyeserera imayamba kuzizira, batire ya laputopu n'kumatha magetsi asanabwere.

Binary search imafuna chinthu chimodzi chokha, koma imachifuna mosanyengerera: mndandanda ukhale wosanjidwa. Mumayang'ana chinthu chapakati. Ngati chimene mukufuna n'chachikulu kuposa chapakaticho, theka lonse lam'munsi mumalitaya. Ngati n'chaching'ono, mumataya lam'mwamba. Mumabwereza zomwezo pa theka lotsalalo.

Tengani manambala a katundu awa: 3, 8, 15, 21, 34, 47, 52, 66, 79. Tikufuna 66. Wapakati ndi 34, ndipo 66 ndi wamkulu, choncho tatsala ndi 47, 52, 66, 79. Tiyang'ana 52, akadali wamng'ono, tatsala ndi 66 ndi 79. Tiyang'ana 66, tamupeza. Maulendo atatu, pamene linear search ikanayenda asanu ndi atatu. Tikafuna 20, amene mulibe, tiyang'ana 34, kenako 8, kenako 15, kenako 21, n'kudziwa kuti mulibe, pa maulendo anayi m'malo mwa asanu ndi anayi.

Pa zinthu zisanu ndi zinayi kusiyanako n'kochepa. Kumaonekera deta ikakula. Zinthu 1,000 sizidutsa maulendo 10. Zinthu 1,000,000 sizidutsa 20. Kalembera wa 2022 anapeza kuti mu Zambia muli anthu oposa 19 miliyoni. Mutati muwalembe onsewo mu mndandanda umodzi wosanjidwa, munthu aliyense mungamupeze pa maulendo osapitirira 25. Anthu atachuluka kawiri, maulendo angangowonjezeka ndi umodzi. Imeneyo ndiyo O(log n), ndipo kunena zoona ine imandisangalatsabe nthawi iliyonse ndikaiwerengera pa pepala.

Nayi mu Python:

```
def saka(mndandanda, chofuna):
    pansi = 0
    pamwamba = len(mndandanda) - 1
    while pansi <= pamwamba:
        pakati = (pansi + pamwamba) // 2
        if mndandanda[pakati] == chofuna:
            return pakati
        if mndandanda[pakati] < chofuna:
            pansi = pakati + 1
        else:
            pamwamba = pakati - 1
    return -1
```

Mizere ndi yochepa, koma malo opunthwira ndi ambiri. Mukalemba `<` m'malo mwa `<=` pa while, chinthu chomaliza kutsala simuchiyang'ana, ndipo pulogalamu idzanena kuti katundu mulibe pamene ali pa shelefu. Mukaiwala `+ 1` uja, loop ingathe kuzungulira mpaka kalekale pa zinthu ziwiri zomwezo. Musachite nazo manyazi, chifukwa njirayi yavutitsa akuluakulu. John Mauchly anaitchula koyamba mu 1946, koma kalembedwe kogwira ntchito pa mndandanda wa utali uliwonse kanasindikizidwa mu 1960 ndi Derrick Henry Lehmer. Jon Bentley atapatsa akatswiri olemba mapulogalamu ntchito yoti ailembe, pafupifupi 9 mwa 10 alionse anapezeka ndi cholakwika. Mu 2006 Joshua Bloch analengeza kuti binary search ya mu library ya Java, imene anailemba yekha, inakhala ndi cholakwika kwa zaka pafupifupi zisanu ndi zinayi osadziwika. Cholakwikacho chinali pa mzere wopezera pakati. Mu Java, int (mtundu wosungira manambala athunthu) sadutsa 2,147,483,647, ndiye pa mndandanda wa zinthu zoposa biliyoni imodzi, kuphatikiza pansi ndi pamwamba kunkasefukira n'kusanduka nambala ya negative. Mankhwala ake ndi kulemba `pansi + (pamwamba - pansi) / 2`. Mu Python vutoli kulibe chifukwa manambala ake amakula mmene angafunire, koma amene mukuphunzira Java kapena C zolowerani kalembedwe kachiwirika.

N'chifukwa chake ndimati binary search muilembe ndi manja anu, kangapo, mpaka muzitha kuilemba popanda kuonera, chifukwa pa mayeso ndi pa intavyu ya ntchito imabwera. Muiyese pa mndandanda wopanda kanthu, pa wa chinthu chimodzi, pa wa ziwiri. Musake choyamba, chomaliza, ndi chimene mulibe. Koma mu pulogalamu ya azakhali gwiritsani ntchito imene inalembedwa kale ndi kuyesedwa ndi anthu ambiri: `bisect` mu Python, `Arrays.binarySearch` mu Java.

Tsopano mtengo uja. Kusanja si kwaulere. Kusanja zinthu 10,000 zosokonezeka kumatenga kufananitsa pafupifupi 130,000. Linear search pa zinthu zomwezo imatenga pafupifupi 5,000 pa kusaka kumodzi, binary search osapitirira 14. Gawani 130,000 ndi 5,000, muona kuti muyenera kusaka maulendo pafupifupi 26 kapena 27 kuti ntchito yosanja ija ibweze mtengo wake. Ngati mukusaka kamodzi kokha, kusanja kaye n'kutaya nthawi, ndipo ophunzira ambiri amachita zimenezo pofuna kuonetsa kuti akudziwa binary search. Ngati mukusaka tsiku lonse pa deta imene sisintha kawirikawiri, sanjani kamodzi, mudye phindu lake.

Nanga deta ikamasintha? Apa ndi pamene mndandanda wosanjidwa umalemera. Katundu watsopano sangalembedwe kumapeto. Ayenera kulowa pamalo pake, ndipo zonse za pambuyo pake ziyenera kusendezedwa. Malo olowera mumawapeza msanga, koma kusendezako n'kwa O(n). Komanso binary search imafuna kuti muzitha kudumphira pakati molunjika. Pa array kapena list ya Python zimatheka. Pa linked list, mmene chinthu chilichonse chimangoloza chotsatira chake, kuti mufike pakati muyenera kuyenda kuchokera koyambirira, ndiye phindu lonse latha.

Palinso nkhani ya tanthauzo la "kusanjidwa", imene imatipweteka kwambiri kuno chifukwa cha mtundu wa deta yathu. Kwa kompyuta, zilembo zazikulu zimabwera patsogolo pa zazing'ono: Z ndi 90, a ndi 97. Ndiye "Zulu" amabwera patsogolo pa "banda" ngati wolemba anaiwala B wamkulu. Chilembo cha ŵ chimagwera kutali, pambuyo pa z. Manambala akasungidwa ngati mawu, "10" amabwera patsogolo pa "9". Choopsa n'chakuti binary search ikapatsidwa mndandanda wosasanjidwa bwino siidandaula. Imangoyankha molakwika mwakachetechete. Linear search ikadapeza chinthucho. Ndiye musanasanje mayina, asandutseni onse akhale a zilembo zazing'ono, muchotsenso mipata ya kumayambiriro ndi kumapeto. Kumbukiraninso kuti m'buku la ngongole la shopu ya mu Lusaka a Phiri, a Banda ndi a Tembo sakhala mmodzimmodzi. Khodi ya pamwambapa ikupatsani Phiri aliyense amene yagwerapo, osati woyamba. `bisect_left` imakupatsani malo a woyamba, `bisect_right` malo otsatira womaliza, ndipo onse a pakatipo ndi a Phiri anu.

Jump search ndi interpolation search ndingozitchula, popeza m'manotsi ena zimapezeka. Yoyambayo imadumpha mofanana pa mndandanda wosanjidwa, mwachitsanzo zinthu 100 nthawi imodzi pa zinthu 10,000, kenako n'kuyenda chimodzichimodzi m'kagawo koyenera. Maulendo angafike pafupifupi 200, pamene binary search ili pa 14. Yachiwiriyo, imene W. Wesley Peterson anaifotokoza mu 1957, imaganizira pamene chinthu chingakhale m'malo mopita pakati nthawi zonse. Imathamanga kwambiri ngati manambala atalikirana mofanana, monga a malisiti otsatana, koma akaunjikana mbali imodzi imatha kuchedwa ngati linear search. Zidziweni chifukwa cha mayeso. Pa shopu ya ku Kamwala sindikuona pamene mungazifune.

Hash table ndi nkhani ina. Siifananitsa zinthu kuti ichepetse malo osaka. Imawerengera malowo kuchokera pa kiyi weniweniyo, ndiye kuti chizindikiro chimene mukusakira, monga nambala ya foni. Munthu wodziwa bwino siteshoni ya Kulima Tower safunsa kondakitala aliyense kumene minibasi ikupita, amangolunjika pa mzere wa minibasi za kwawo, n'kufunsa imodzi kapena ziwiri. Ganizo limeneli Hans Peter Luhn wa ku IBM analilemba mu 1953, ndipo lero muli nalo m'manja: `dict` ndi `set` mu Python, `HashMap` mu Java, `unordered_map` mu C++.

Kuti mumvetse mmene imagwirira ntchito, konzani mabokosi 100, kuyambira 0 mpaka 99, oti musungemo makasitomala potengera nambala ya foni. Lamulo likhale lakuti manambala awiri omaliza a foni ndiwo bokosi. Foni yothera pa 47 ipita m'bokosi 47. Pofuna kasitomala, muyang'ana manambala awiri omalizawo, n'kutsegula bokosi limodzi lokha. Makasitomala awiri akagwera m'bokosi limodzi, zimene amazitcha collision, mumangoyang'ana ochepa a m'bokosimo. Tsopano sinthani lamulo, mutenge manambala atatu oyamba. Kuno mafoni ambiri amayamba ndi 095, 096, 097, 076 kapena 077. Makasitomala onse aunjikana m'mabokosi ochepa, ena onse ali gwaa opanda kanthu, ndipo mwabwerera ku linear search mutawononganso memory. Liwiro lonse la hash table lagona pa lamulo logawira limeneli. Likakhala labwino, kusaka, kuika ndi kuchotsa zonse zimatenga nthawi pafupifupi yofanana kaya zinthu ndi 100 kapena 1,000,000, zimene mabuku amalemba kuti O(1). Mwayi wake, Python ndi Java zili kale ndi malamulo abwino ogawira, ndipo zimawonjezera mabokosi zokha akayamba kudzaza.

Bwererani ku malisiti 10,000 ndi mauthenga 10,000 aja. Ikani manambala a mauthenga onse mu `set` kamodzi, kenako funsani lisiti lililonse. Ntchito imene inali ya maulendo 50 miliyoni yatsika kufika pa masauzande makumi ochepa, ndipo mzere wa `in` uja sunasinthe n'komwe; chasintha ndi chosungiramo. Pa zonse zimene ndalemba pano, kusintha kumeneku ndiko ndikufuna kwambiri kuti wophunzira watsopano akugwire, chifukwa kumapulumutsa mapulogalamu ambiri kuposa binary search yolembedwa pamanja.

Koma hash table imadziwa funso limodzi lokha: "Kiyi uyu alipo?" Ndipo kiyiyo akhale ndendende. Azakhali akafunsa katundu wa mtengo wa pakati pa K50 ndi K100, kapena kasitomala wa ngongole yaikulu koposa, kapena mayina onse oyamba ndi "Mwa", dictionary ilibe yankho lachangu; muyenera kuiyenda yonse. Mndandanda wosanjidwa motengera chimene mukufunsacho umayankha mafunso onse atatuwo mosavuta: binary search ikupezerani pamene K50 ikuyambira ndi pamene K100 ikuthera, zapakati n'kungowerenga. Dictionary ya Python kuyambira pa 3.7 imasunga dongosolo limene munaikira zinthu, koma kumeneko si kusanja, musasokoneze. Imadyanso memory yambiri kuposa list, chifukwa mabokosi ena amayenera kukhala opanda kanthu kuti ithamange.

Kiyi musankhe mosamala. Dzina si kiyi wabwino, pa chifukwa cha a Phiri aja: mukaika wachiwiri pa kiyi yemweyo, woyamba wafufutika pamodzi ndi ngongole yake. Nambala ya foni kapena ya NRC ndi yabwinoko. Zonse ziwiri muzisunge ngati mawu, osati ngati int, chifukwa foni imataya 0 wake woyamba ndipo NRC ili ndi timizere tolekanitsa. Musankhenso kalembedwe kamodzi. Nambala yolembedwa ndi +260 ndi yomweyo yolembedwa ndi 0 kutsogolo, kwa inu ndi munthu mmodzi, kwa dictionary ndi anthu awiri.

Nanga ngati mukufuna zonse, deta yosinthasintha komanso mafunso a "pakati pa" ndi "wamkulu koposa"? Yankho la m'kalasi ndi binary search tree: chinthu chilichonse chili ndi zazing'ono kumanzere, zazikulu kumanja, ndiye kuika ndi kusaka zonse zimatsata njira imodzi yotsika. Ili ndi msampha wake. Mukaika zinthu zosanjidwa kale, monga malisiti 1, 2, 3, 4 motsatana, zonse zimapita kumanja, n'kusanduka mzere umodzi wautali, ndipo kusaka kwabwerera pa O(n). Georgy Adelson-Velsky ndi Evgenii Landis anathetsa vutoli mu 1962 ndi AVL tree imene imadziwongola yokha, ndipo `TreeMap` ya Java imagwiritsa ntchito m'bale wake, red-black tree. Koma shopu ikafika pofuna zimenezi, ine ndinganene kuti nthawi ya database yakwana. SQLite, MySQL ndi PostgreSQL zimasunga ma index awo (zolozera zofulumizitsa kusaka) mu B-tree, imene Rudolf Bayer ndi Edward McCreight anaikonza ku Boeing kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. SQLite imabwera kale pamodzi ndi Python, ilinso mu foni iliyonse ya Android, ndipo deta yake imakhala pa disiki, magetsi akazima siitayika. Zimene mwaphunzira sizipita pachabe: column yopanda index database imaiyenda mzere ndi mzere, yokhala ndi index imaidumphira. Ndipo index nayonso ili ndi mtengo, chifukwa nthawi iliyonse mukaika kapena kusintha mzere iyenera kukonzedwanso. Choncho musaike index pa column iliyonse, ikani pa zimene mumasakira kawirikawiri.

Pa shopu ya azakhali, ine ndingachite motere. Makasitomala a ngongole ndingawaike mu dictionary, kiyi wake nambala ya foni, chifukwa funso la tsiku ndi tsiku ndi lakuti "awa ali ndi ngongole ya zingati?" Kusaka katundu ndi kachidutswa ka dzina ndingakusiyire linear search, popeza katundu ndi wa mitundu mazana ochepa ndipo azakhali salemba dzina lonse. Lipoti la kumapeto kwa mwezi la amene ali ndi ngongole zazikulu ndingalisanje pa nthawi yomweyo, kamodzi pa mwezi. Binary search mu pulogalamu imeneyi mwina isapezekemo n'komwe, ndipo palibe cholakwika. Ngati mukukayika kuti njira ina ikuchedwa, yesani ndi `timeit`, chida cha Python choyezera nthawi, pa deta ya kukula kwenikweni musanasinthe kalikonse.

Mwina azakhali akana pulogalamu n'kunena kuti Excel ikuwakwanira. Ngakhale pamenepo njira ziwiri zoyambazi zikutsatani. VLOOKUP, formula ya Excel yosakira zinthu, ili ndi gawo lachinayi, TRUE kapena FALSE. FALSE imafuna chinthu chofanana ndendende ndipo imagwira ntchito ngakhale mndandanda usanasanjidwe. TRUE imayembekezera kuti column yoyamba ndi yosanjidwa kuchokera pa chaching'ono kupita pa chachikulu, imasaka modula theka, ndipo ikasowa chofanana imakupatsani chapafupi cham'munsi. Gawo limeneli mukalisiya osalemba, Excel imatenga TRUE. Pa mndandanda wa katundu wolembedwa mmene ankabwerera, zotsatira zake ndi mtengo wa katundu wina kuikidwa pa katundu wina, popanda chenjezo lililonse. TRUE ili ndi ntchito yake, monga kupeza giredi kuchokera pa malikisi, pamene 67 ayenera kugwera m'gulu loyambira pa 60. Koma pofuna mtengo wa katundu kapena ngongole ya kasitomala, tsegulani fayilo ya azakhali muone ngati VLOOKUP iliyonse ikuthera ndi FALSE.